Mphuno Ikatsekeka Mbali Imodzi, Musadikire

 Ine ndine activista wa zaumoyo, mmodzi wa aja timayenda khomo ndi khomo m'midzimu. Sindine dokotala. Zimene ndikuuzeni lero ndi zomwe anatiphunzitsa a zaumoyo, komanso zomwe ndinaona ndi maso anga pakhomo pathu. Nkhani yathu ndi ya khansa ya m'mphuno, imene pa Chipwitikizi amati cancro, ndiponso kachida kamene madokotala amaonera mkati mwa mphuno kuti nthendayi ipezeke msanga.

Zimene zinachitika kwathu

Malume anga anali ocheka matabwa. Ankacheka ndi sowo uja wa anthu awiri, wina pamwamba, iwo m'dzenje, utuchi ukuwathira kumaso tsiku lonse. Fodya ankasutanso. Chaka china, nyengo yozizira, mphuno yawo yakumanzere inatsekeka. Tonse tinati ndi chimfine, poti kuno kukazizira aliyense amayenda ndi chimfine. Anagula mapiritsi pamsika. Anafukiza masamba a bulugamu. Chimfine cha ena chinatha, koma chawo ayi.

Mvula itayamba, akamina pankaoneka timagazi, mbali yomweyo yakumanzere. Iwo anati ndi dzuwa. Kenako dzino lakumwamba linayamba kugwedezeka, anakalichotsa. Tsaya litayamba kutupa, ena pamudzi anati munthu wawaponyera, ndipo mbuzi ziwiri zinapita kwa asing'anga. Tinafika nawo kuchipatala chachikulu patatha chaka ndi miyezi, diso litayamba kutuluka kunja. Dokotala anayang'ana m'mphuno ndi kachida kowala, mphindi zochepa chabe, n'kuona chotupa. Anatiuza mwaulemu kuti chafika kale kudiso ndi kufupa. Malume tinawaika chaka chomwecho.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti kuyeza kumene kunasonyeza nthendayo sikunatenge ngakhale nthawi yophikira nsima. Chinatenga nthawi ndi kudikira kwathu.

N'chifukwa chiyani nthendayi imabisala?

Mphuno si timabowo tiwiri timene mumaona pagalasi tokha ayi. Mkatimo muli njira ziwiri zolowera mpweya, zopita mpaka kuseri, pamwamba pa mmero. M'mbali mwa njirazo, mkati mwa mafupa a nkhope, muli timapanga ta mpweya. Tina tili m'masaya, tina pamphumi, tina pakati pa maso, ndipo tina tili mkati kwambiri kuseri kwa mphuno. Kaphanga kalikonse kali ndi kakhomo kakang'ono kotulukira m'mphuno. Mukamva munthu akuti kuchipatala andiuza kuti ndili ndi sinusite, ndiye kuti timapanga timeneti tatupa mkati.

Tsono poti timapangati ndi topanda kanthu, chotupa chikayamba mmenemo chimakhala ndi malo okulira popanda kupweteka. Zili ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Kunja nkhokwe ikuoneka bwino, chimanga chikutha mkati. Pamene munthu ayamba kumva ululu kapena kutupa nkhope, nthawi zambiri chotupa chimakhala chitadzaza kaphangako n'kuyamba kukankha diso, mano kapena fupa.

Ndisakuopsezeni, abale anga. Khansa ya m'mphuno si nthenda ya anthu ambiri. Mphuno zambiri zotsekeka ndi chimfine, fumbi, utsi wa kukhitchini kapena sinusite. Palinso tizotupa tofewa ta m'mphuno timene si khansa, madokotala amati pólipos. Koma kusiyanitsa izi ndi khansa sikutheka pongoyang'ana munthu kumaso. Pamafunika kuona mkati.

Zizindikiro zoti muzisamale

Mawu oti muwasunge lero ndi awa: mbali imodzi. Chimfine chimagwira mphuno zonse ziwiri, kapena chimasinthasintha, lero uku mawa uku, ndipo chimatha pa sabata imodzi kapena awiri. Koma vuto likakhazikika mbali imodzi yokhayokha kwa masabata atatu kapena kupitirira, limenelo likaonedwe. Tamverani zizindikiro zake:

Mphuno yotsekeka mbali imodzi, yosatseguka ngakhale mwamwa mankhwala.

Kamfuno wobwerezabwereza mbali imodzi, kapena mamina osakanikirana ndi magazi.

Mafinya onunkha otuluka bowo limodzi la mphuno.

Dzanzi kapena ululu patsaya, pamlomo wakumwamba kapena m'munsi mwa diso.

Mano akumwamba ogwedezeka popanda kubooka, kapena chotupa m'kamwa chakumwamba.

Diso limodzi lotuluka misozi nthawi zonse, lotupa, lokankhidwira kunja, kapena kuona chinthu chimodzi ngati ziwiri.

Khutu limodzi lotsekeka kapena losamva bwino kwa munthu wamkulu, popanda mafinya.

Chotupa m'khosi, chonga mwanabere, cholimba, chosapweteka, chimene sichikuphwa.

Ziwiri zomalizazi anthu amadabwa nazo. Khutu ndi khosi zikukhudzana bwanji ndi mphuno? Kuseri kwa mphuno kuli kanjira kopita kukhutu. Chotupa chikamera pamenepo chimatseka kanjirako, khutu n'kugontha. Ndipo khansa ya pamalo amenewa imakonda kuyamba kuonekera m'khosi munthu asanamve kanthu m'mphuno. Mwanabere wa chilonda kapena wa zilonda zapakhosi amapweteka n'kuphwa. Wosapweteka, wolimba, wongokulirakulira, ameneyo musamutemere mphini. Mwina ndi TB, mwina ndi khansa, ndipo zonse ziwiri zimafuna chipatala.

Za ana athu

Amayi, mwana wamng'ono akamatuluka mafinya onunkha bowo limodzi la mphuno, kawirikawiri si khansa. Nthawi zambiri walowetsamo nyemba, chimanga, mkanda kapena kapepala posewera. Musakolowole ndi kamtengo kapena waya, mungachikankhire mkati. Pitani naye ku posto. Ngati walowetsa kabatire kakang'ono kozungulira kaja ka muwotchi kapena mutochi, thamangani naye tsiku lomwelo, chifukwa kamawotcha mnofu pa maola ochepa.

Koma mwana akayamba kutupa tsaya kapena chibwano mofulumira, masiku ochepa chabe nkhope yasintha, mano akugwedezeka, musati ndi dzino. Pali khansa ya ana yotchedwa Burkitt, imene imapezeka kwambiri m'madera a malungo ngati athu ano. Imakula msanga, koma imamvanso mankhwala, ndipo ana ambiri ofika msanga amachira.

Anyamata achisodzera amene amatuluka kamfuno wambiri mbali imodzi, mphuno ili yotsekeka, nawonso akaonedwe. Pali chotupa china cha msinkhu umenewu chimene si khansa koma chimataya magazi kwambiri.

Kachida koonera m'mphuno

Kuchipatala kuyeza kumeneku amakutcha endoscopia nasal. Amene amayeza ndi dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, uja mumamva akuti otorrino. Kachidako ndi kachubu kowonda, kukula kwake ngati mamilimita 4 kapena kucheperapo, kuonda kuposa pensulo ya mwana wasukulu. Kunsonga kwake kuli kuwala ndi kagalasi koonera. Kena kamakhala kolimba kowongoka, kena kofewa kopindika ngati chingwe. Dokotala amayang'anira kumapeto kwinako, kapena chithunzi chimaoneka pa televizhoni yaing'ono pambali.

Mwina mufunsa kuti, nanga tochi ija amaunikira anamwino ku posto siyokwanira? Tochi imaona pakhomo pokha. Zili ngati kuima pabwalo n'kusuzumira m'nyumba: muona pabalaza, koma kuchipinda simuonako. Kachida aka kamalowa mpaka kuseri, kamaona timakomo ta timapanga tija, kamaonanso malo a pamwamba pa mmero amene tochi singafike.

Zimayenda chonchi. Mumakhala pampando, muli maso, sakugonekani tulo. Amakupoperani mankhwala m'mphuno, ena ochepetsa kutupa kuti njira itseguke, ena ochititsa dzanzi. Mankhwalawo amawawa akatsikira kukhosi, ndipo pakhosi pamachita dzanzi kwa kanthawi. Akadikira pang'ono, dokotala amalowetsa kachidako mwapang'onopang'ono, mbali imodzi kenako inayo. Inu muzingopuma ndi pakamwa, mutu osagwedeza. Mumamva kukankha, misozi imatha kutuluka, mwina kufuna kuyetsemula. Mukamva kupweteka, kwezani dzanja, amaima. Pa mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono zonse zatha, mumadzuka n'kuyenda nokha. Dikirani dzanzi la pakhosi lithe musanadye kapena kumwa tiyi wotentha. Timagazi tochepa tikaoneka pambuyo pake si zodabwitsa.

Musanayezedwe, muuzeni dokotala ngati mumamwa aspirini kapena mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ngati muli ndi BP, ngati muli oyembekezera, kapena ngati mankhwala ena anakuwengani.

Zimene anthu amandifunsa m'midzi

Agogo ena anandifunsa kuti, kodi chimenechi sichikafika ku ubongo? Ayi, agogo. Pakati pa mphuno ndi ubongo pali fupa. Kachidako kamayenda m'njira yomwe mpweya umadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo dokotala akuona kumene akupita.

Ena amati, chalowa m'mphuno mwa anthu ena, sinditengerapo matenda? Akatha kuyeza munthu mmodzi amakatsuka ndi kukaviika m'mankhwala opha tizilombo asanayeze wina. Ngati mtima ukukayika, funsani. Ndi ufulu wanu.

Ena amati, ndikayezedwa ndiye kuti andipeza nayo. Kuyeza sikubweretsa nthenda. Ambiri oyezedwa amauzidwa kuti ndi sinusite kapena pólipos, amalandira mankhwala n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Amene wapezeka ndi chotupa, chinalimo kale. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano chadziwika.

Ndipo ena amati, khansa ukaikhudza ndi chitsulo imalusa. Mawu amenewa apha anthu ambiri. Amachokera pa zomwe tinaona: munthu wapita kuchipatala nthenda itafalikira kale, achita opaleshoni, posakhalitsa wamwalira, ife n'kumati chitsulo chamupha. Chinamupha ndi kuchedwa.

Dokotala akaona chotupa

Maso okha sanganene kuti ichi ndi khansa. Choncho amatapa kanyama kakang'ono, ngati kambewu ka mpunga, n'kukatumiza ku labotale. Kumeneku ndiye amati biópsia. Zotsatira zimatha kutenga masabata. Apa m'pamene anthu ambiri amasowera. Munthu wabwerera kumudzi, ntchito ya kumunda yachuluka, pepala lake likumudikira kuchipatala. Musanachoke, funsani tsiku lobwerera, ndipo siyani nambala ya foni imene imagwira. Ngati kwanu imagwira netiweki ya ku Malawi yokha, siyani nambala ya m'bale wanu wa ku vila, kapena ya APE wa m'dera lanu.

Angakutumizeninso kukajambulidwa ndi makina aja amati TAC. Chifukwa chake n'chakuti kachida kaja kamaona m'njira ndi pamakomo a timapanga, koma TAC imaonetsa mkati mwa fupa, kuti chotupa chafika pati.

Chithandizo chilipo cha mitundu itatu: opaleshoni yochotsa chotupa, kuwotcha chotupa ndi makina a radioterapia, ndi mankhwala a m'mitsempha aja amati quimioterapia. Nthawi zina amaphatikiza. Kuno ku Mozambique makina a radioterapia anayamba kugwira ntchito ku Hospital Central de Maputo m'chaka cha 2019. Chotupa chikakhala chaching'ono, nthawi zina amatha kuchichotsa kudzera m'mphuno momwemo, nkhope osaicheka. Chikakula, opaleshoni imakhala yaikulu, ndipo munthu angataye diso kapena mbali ya chibwano chakumwamba. Chikapitirira apo, chotsala ndi kuchepetsa ululu basi. Ngakhale pamenepo musamusiye m'nyumba wodwala akubuula usiku wonse. Mankhwala a ululu waukulu alipo kuchipatala, kapempheni.

Njira yake ndi iti?

Kachida aka simukapeza ku posto ya kumudzi. Kamapezeka m'zipatala zazikulu kumene kuli otorrino. Koma ulendo umayambira pafupi. Pitani ku posto kapena ku centro de saúde ya kwanu. Akaona kuti pakufunika kuyeza kwina amakulemberani kalata, ija timati guia, yopita kuchipatala cha distrito, monga cha ku Ulónguè. Kuchoka apo ndi Hospital Provincial de Tete, ndipo ngati pakufunika, amakutumizani ku chipatala chachikulu ngati cha ku Beira kapena ku Maputo. Guia imeneyo isungeni m'pepala la pulasitiki ngati mmene mumasungira chitupa.

Mukafika pamaso pa anamwino, musangoti ndili ndi chimfine. Mukatero adzakupatsani mankhwala a chimfine, ndipo sadzakhala atalakwa. Nenani zinthu zinayi izi: ndi mbali iti, zinayamba liti, kodi pamatuluka magazi, ndipo mwamwa kale mankhwala anji. Ngati mwezi simukuukumbuka, nenani kuti zinayamba tikukolola, kapena mvula yoyamba isanagwe. Nenaninso ntchito imene mumagwira. Ngati mwamaliza mankhwala amene anakupatsani koma palibe kusintha, bwererani komweko ndi kapepala kanu, n'kunena mwaulemu kuti, ndabwera kachiwiri ndi vuto lomwe lija, mbali yomweyo, kodi sindingakaonedwe mkati? Safunsa anadya phula.

Ife a m'malire tili ndi chizolowezi china. Mwezi uno tili ku posto ya kwathu, mwezi wamawa tawoloka kupita ku Dedza kapena ku Ntcheu, kenako kwa ogulitsa mapiritsi pamsika. Kulikonse timafika ngati odwala atsopano, ndipo kulikonse amayambira pa mankhwala a chimfine. Miyezi imatha choncho. Kaya mwasankha mbali iti, tengani mapepala anu onse, a Chipwitikizi ndi a Chingerezi omwe, muwaonetse. Wa zaumoyo akaona kuti aka n'kachitatu, amadziwa kuti apa pakufunika kuyang'ana mozama.

Ndikudziwa kuti vuto lalikulu ndi ndalama ya chapa, chakudya cha panjira, ndi woperekeza. Ndikudziwanso kuti bambo amati ndiyambe ndakolola, mayi amati ana ndiwasiyira ndani. Khalani pansi monga banja. Mutu umodzi susenza denga. Thumba la mbatatesi kapena la nyemba limene mungagulitse lero kuti munthu akayezedwe ndi laling'ono poyerekeza ndi zomwe zimapita nthenda ikakula. Kwathu mbuzi ziwiri zija zikanakwanira ulendo wa ku Tete, kupita ndi kubwera.

Ndani ayenera kukhala tcheru kwambiri?

Oyamba ndi inu abambo a matabwa: ocheka, opala, akalipentala. Fumbi la mitengo, makamaka mitengo yolimba, likamalowa m'mphuno zaka zambiri limatha kuyambitsa khansa imeneyi, ndipo nthendayo imatha kuonekera munthu atasiya kale ntchito. Chimodzimodzi fumbi la zikopa kwa osoka nsapato. Gwirirani ntchito pamalo opita mphepo. Valani chotchinga pamphuno ndi pakamwa, makamaka popala ndi sandipepa. Posesa utuchi, yambani mwawaza madzi. Ana asamasewere m'shedi ya matabwa.

Achiwiri ndi osuta fodya. Utsi umadutsa m'mphuno momwemo. Nawo fodya wofwenkha amene amakonda agogo athu si wabwino, chifukwa amakhala pamnofu wa m'mphuno tsiku lonse. Kusiya kumathandiza pa msinkhu uliwonse.

Achitatu ndi abale athu amene ali ndi HIV. Thupi likafooka, mitundu ina ya khansa imapeza mpata. Imwani ma ARV anu tsiku ndi tsiku, ndipo mukapita kukatenga mankhwala, chotupa chilichonse cha m'kamwa, m'mphuno kapena m'khosi muchionetse.

Koma nthendayi imagwiranso munthu amene sanasutepo kapena kugwira sowo. Choncho tisamuloze chala wodwala, ndipo tisamuthawe. Khansa siyopatsirana. Mutha kudya naye mbale imodzi.

Kamfuno akayamba pakhomo

Mukhazikeni munthuyo pansi, mutu auweramitse kutsogolo, osati kuyang'ana kumwamba, kuopa kuti magazi angatsikire kukhosi. Atsine pamalo ofewa a mphuno kwa mphindi 10 osasiya, akupuma ndi pakamwa. Musaikemo masamba, fodya kapena dothi. Magazi akapanda kuleka mutatsina kawiri, kapena munthu akayamba chizungulire, pitani naye kuchipatala. Ndipo ngakhale aleke, ngati akubwerabwera mbali yomweyo, akaonedwe.

Ntchito ya usiku uno

Mukamadya nsima madzulo ano, tachitani ichi. Tsekani bowo limodzi la mphuno ndi chala, pumani. Tsekani linalo, pumaninso. Afunseni abambo, afunseni agogo. Akakuuzani kuti mbali iyi sinatsegukepo chiyambire nyengo yozizira, musawaseke kuti ndi chimfine cha ukalamba. Gwiraninso m'khosi mwanu, m'munsi mwa khutu ndi m'mbali, mumve ngati muli chotupa. Mukapeza chokayikitsa, mawa lomwe pitani ku posto, kapena itanani APE kapena activista wa m'mudzi mwanu akuperekezeni. Ntchito yathu ndi imeneyo.

Inu amene mawu awa akupezani pa kapepala, muwawerengereko anzanu amene satha kuwerenga, makamaka a kushedi ya matabwa.